Piritsi Lodikira Belu

Ndanyambita chala, ndaloza kumwamba, ndachidutsitsa pakhosi. Zonse zimene ndikunena pano ndi zoona, liwu ndi liwu. Ndikanama ngakhale pamodzi, njinga zonse zimene ndamata chaka chino ziphwe tsiku limodzi, ndipo eni ake andipeze ndili kubafa. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, pamene bodza amayamba kuphunzitsa mu Sitandade 5. Ndiye khalani bwino mumve.

Panali munthu wina, mkulu ndithu, dzina lawo a Matewere. Ankakhala okha m'kanyumba ka kuseri kwa sukulu ya pulayimale, pamene bwalo la mpira limathera n'kuyamba munda wa chinangwa. Akazi awo anamwalira kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lusiyano, anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo ntchitoyo iyenera kuti inabisala kwambiri, chifukwa zaka khumi ndi chimodzi zinatha akuifunabe. Maso a mkuluyo anachita ng'ala. Munthu akamabwera ankangoona chitsa choyenda, koma zitsa zoyenda zobwera kwawo zinalinso zosowa. Galu analibe. Wailesi inafa. Nkhuku imodzi imene anali nayo inasamukira kwa aneba chifukwa chosowa wocheza naye.

Mphamvu zawo zonse a Matewere anazisiya pa esiteti ya tiyi, kumene anagwira ntchito zaka makumi atatu. Kumeneko munthu sayendera mutu wake, amayendera belu. Belu lalira, dzuka. Belu lalira, thyola. Belu lalira, idya. A Matewere sanachedwepo ndipo sanafunsepo chifukwa. Akapitawo ankauza olowa kumene kuti, mukafuna kuona lamulo likuyenda ndi miyendo, yang'anani bambo awo.

Chaka china mutu unayamba kuwawawa kunkhongo. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti ndi bipi, matenda a kuthamanga kwa magazi. Anawalembera piritsi limodzi m'mawa uliwonse, mpaka moyo wawo wonse. Chipatala chinali kutali, tsidya la mitsinje iwiri, ndiye mapiritsiwo ankakatenga pa sitolo ya mankhwala ya pamsika, imene achinyamata amati famase.

Sitoloyo inali ya mayi Kalinde, munthu wophunzira za mankhwala, wa mawu ochepa ndi magalasi okhuthala. Mudzi wonse unkadutsa pawindo lawo: wa chifuwa, wa dzino, wa mwana wotsegula m'mimba. Sukulu ikatsegulidwa, zipere ndi mphere nazonso zimatsegulidwa, chifukwa ana makumi asanu ndi atatu a m'kalasi imodzi amabwerekana zonse, pensulo ndi matenda omwe. Mayi Kalinde ankadziwa kalasi imene yayamba chimfine a hedi asanamve.

Piritsi limodzi patsiku, inu muti n'zosavuta. Zosavuta kwa inu a banja. Inu mumakumbuka kuti ndamwa kale, chifukwa ndimamwa mwana akuswa kapu. Kwa a Matewere kunalibe woswa kapu. Masiku awo ankafanana ngati nyemba za m'thumba limodzi. Ankadzuka, kumwa piritsi, kukhala pakhonde, kusinza. Akadzidzimuka ankayesa kwacha, n'kumwanso. Tsiku lina anamwa atatu. Chizungulire chinawagwetsa m'chinangwa, ndipo anagona pamenepo mpaka anadzuka okha, poti wowadzutsa panalibe.

Mawa lake anapita kusitolo ndi kapepala ka mapiritsi kopanda kanthu.

"Agogo, a mwezi wathunthu atha m'masabata awiri?" anafunsa mayi Kalinde. "Mukuthira m'phala?"

"Adokotala, ine ndimamwa m'mawa mokha. Kungoti m'mawa mwanga mukuchuluka."

"Ndinakuuzani kuti sindine dokotala." Mayiwo anajambula dzuwa lotuluka pakapepala. Mkuluyo anakatembenuza, kukayandikiza pamphuno, n'kufunsa ngati ili ndi dzira. Mayi Kalinde anaika cholembera pansi. "Wotchi muli nayo?"

"Ndinali nayo. Inapita ndi Lusiyano."

"Nanga wokukumbutsani?"

A Matewere anangosisita ndodo yawo.

Nthawi yomweyo belu la kusukulu linalira, la buleki. Belulo silinali belu la m'sitolo ayi. Linali limu, chitsulo cha gudumu la lole, chomangidwa ndi waya pamtengo wa mango wa pakati pa sukulu. Mphunzitsi wa pa dyute ankachimenya ndi chibawuti chachikulu ngati mkono wanga. Chikalira, mango ankagwa m'midzi itatu. Mayi Kalinde anaona mkulu uja akuwongola msana ngati msilikali, osadziwa kuti wawongola.

"Limeneli kwanu mumalimva?"

"Limeneli ngakhale a kumanda amalimva."

"Ndiye tichite chonchi, agogo. Belu loyamba la m'mawa, loitanira ana ku asembule, likalira mumwe limodzi. Ena onse a masanawa asiyeni, ndi a ana. Belu limodzi, piritsi limodzi. Likapanda kulira, musakhudze."

"Likapanda kulira, ndisakhudze."

"Eya."

"Nanga Loweruka?"

Mayiwo anawerenga ndi zala. Loweruka a Sitandade 8 amabwera kudzakonzekera mayeso, ndipo belu limalira. Lamulungu a mpingo wina amapemphera m'kalasi ya Sitandade 6, ndipo amaitanizana ndi chitsulo chomwecho. Masiku onse asanu ndi awiri anakwana. Mayi Kalinde anakondwa ndi nzeru yawo. Inenso ndikanakondwa.

Umenewo unali mwezi wa Sepitembala, sukulu itangotsegulidwa kumene.

Ndipo zinayenda. Mutu unaleka. A Matewere ankadzuka, kutunga madzi m'kapu, kuika piritsi pachikhatho, n'kukhala pakhonde. Chitsulo chikati ngwee, iwo kwiti. Kenako ankatsamira khoma n'kumamvera sukulu. Ankamva matsache akusesa, nyimbo za asembule, makapu akugundana pamzere wa phala. Makalasi ena analibe zipinda, ankaphunzirira pansi pa mitengo ya kumpanda, choncho mkuluyo anaphunzira kuchulukitsa ndi seveni ali ndi imvi, chinthu chimene ine chinandithamangitsa sukulu. Mphunzitsi akamaitana mayina, mwana aliyense amati, ndilipo. Dzina la wojomba likaitanidwa, pamakhala chete pang'ono. M'kachete kameneko a Matewere ankayankha chapansipansi pakhonde pawo: "Ndilipo."

Pasukulu ponsepo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kuseri kwa chinangwa kuli wophunzira wina, ndiponso kuti moyo wake wapachikidwa pa waya womwe uja.

Disembala anafika ndi mvula yake. Tsiku lotsekera, zotsatira za mayeso zinawerengedwa pansi pa mango, okhoza anavina, olephera anazemba podutsira kudambo. Onse atabalalika, a hedi anaitana aphunzitsi awiri, n'kumasula limu lija pamtengo. Anali ndi chifukwa chabwino. Nthawi ya holide kumayenda ogula zitsulo zakale, ndipo amene amawagulitsa safunsa kuti chitsulo n'cha yani. Sukulu ina ya tsidya inabedwa belu chaka chathachi, aphunzitsi n'kumaitana ana ndi m'manja teremu yonse mpaka zikhatho kuchita zikanga. A hedi anagubuduzira limu muofesi, kuliika pambali pa makatoni a choko, kukhoma, n'kukwera basi ya kwawo kumpoto makiyi ali m'thumba. Sanalakwe chilichonse. A Sitandade 8 nawo anapumitsidwa. A mpingo aja atapeza waya wokhawokha, anayamba kuitanizana pakamwa.

Loweruka m'mawa a Matewere anatunga madzi, kuika piritsi pachikhatho, n'kukhala.

Dzuwa linawotcha mapazi, kukwera m'mawondo, kufika pachifuwa. Chete. Anabweza piritsi m'kapepala, madzi n'kuthira pa duwa limene akazi awo anabzala.

Lamulungu chimodzimodzi. Lolemba anatchera khutu kufuna kumva matsache, koma kunangomveka njiwa. Ndipamene anazindikira kuti sukulu yatsekedwa. Anaganiza pang'ono, n'kudziyankha okha: mwina sukulu ikapuma, mankhwala nawo amapuma. Adokotala amadziwa zimene ananena. Kupita kukafunsa kukanatheka, koma njira ya kumsika inali matope okhaokha, ndodo inkamira, ndipo munthu amene sanafunsepo kapitawo zaka makumi atatu sayamba kufunsa atakalamba.

Komabe m'mawa uliwonse ankatunga madzi n'kukhala, poti mwina lero lilira.

Sukulu yopanda ana ndi chinthu choopsa, abale anga. Zitseko zimangoyang'anana. Udzu umamera pamene pamaima mzere wa Sitandade 1. A Matewere anapeza kuti chimene akuchisowa si belu lokha. Panalibenso dzina loti aliyankhe. Masiku asanu anatha asanatulutse liwu, mpaka anatsokomola dala kuti amve ngati pakhosi pakadali munthu.

Tsiku lachisanu chilekereni kumwa, mutu uja unabwerera, ndipo unabwera ndi abale ake. Tsiku lachisanu ndi chiwiri m'makutu munayamba kulira, ngwiii. Mkuluyo anakweza dzanja, piritsi kufika pamlomo. Kenako analitsitsa. Limenelo linali belu la m'mutu mwawo, osati la sukulu, ndipo iwo sanali munthu wakuba.

Uku kumsika, sitolo ya mayi Kalinde inali zii. Zipere zinali pa holide. Mayiwo anali ndi chizolowezi chofulula tiyi belu la buleki likalira, ndipo masiku amenewo tiyi wawo ankachedwa tsiku ndi tsiku, iwo osadziwa chifukwa. Tsiku lakhumi kunabwera mayi wina wogulitsa tomato, kudzafuna mankhwala a chifuwa a mwana wake.

"Amwe kasupuni kamodzi katatu patsiku," anatero mayi Kalinde. "Ndipo azigona mokwanira."

"Kugona ndiye akugona, achemwali. Chikhomereni a hedi chitsulo chija muofesi, m'nyumba mwanga mwakhala mtendere. Mpaka abambo ake akudzuka dzuwa lili pamutu."

"Akhomera chiyani?"

"Belu. Kodi inu simunamve kuti simukulimva?"

Mayi Kalinde anaima botolo lili m'manja. Anamva mawu awo omwe akubwerera kuchokera ku Sepitembala, liwu ndi liwu. Likapanda kulira, musakhudze. Tsiku lija anawerenga Loweruka, anawerenga Lamulungu. Holide sanawerenge.

Anaponya makina oyezera bipi m'chikwama, kukhoma sitolo, n'kuyamba kuthamanga. Pamsika panalibe amene anawaonapo akuthamanga. Ogulitsa makala anayang'ana kumbuyo kwawo kuti aone chimene chikuwathamangitsa.

Anawapeza a Matewere pakhonde, dzuwa lili paliwombo. Kapu yamadzi inali pambali. Piritsi linali pachikhatho, litayamba kusungunuka ndi thukuta. Maso anali ofiira, ndipo dzanja lamanzere linali pamwendo ngati la mwini wina. Mayiwo anamanga lamba wa makina pamkono. Nambala imene inatuluka sinditchula, mungati ndanama.

"Agogo, imwani. Nali latsopano."

"Belu silinalire, adokotala."

"Ndine ndinanena zija. Ndinalakwitsa. Ndikumasulani, imwani."

Mkuluyo anapukusa mutu pang'onopang'ono, poti kupukusa kunkawawa. "Tsiku lija ndinamwa mwa nzeru zanga ndinagona m'chinangwa."

"Ndine mayi Kalinde, agogo. Mukundizindikira?"

"Mawu ndi omwewo. Koma mayi Kalinde anati ndisakhudze."

Magazi anali atasokoneza kale m'mutu. Zonse zinali zitagwa m'menemo, chotsala chili chiimire chinali lamulo lokha. Mayiwo anayesa kufikitsa piritsi pakamwa, mkuluyo n'kuluma mano. Anachonderera, anakalipa, anagwada. Kenako anaona kuti khomo lolowera m'mutu umenewu ndi limodzi, belu, ndipo analipanga ndi iwo eni.

Pakhoma panatsamira khasu lakale la a Matewere. Mayi Kalinde analitenga, kumenyetsa mpini pamwala mpaka chitsulo chinaguluka. Anadutsa m'chinangwa, kudutsa bwalo la mpira, kufika pamtengo wa mango. Waya unali ukulendewera pomwepo. Anamangapo khasulo, kutola mwala, n'kuyamba kumenya.

Khasu si limu. Mawu ake ndi owonda ngati a tambala wophunzira kulira. Ndiye mayiwo anamenya ndi mphamvu zonse, magalasi kugwa, chikhatho kung'ambika, iwo osaleka.

Zimene zinachitika apa mudzi sudzaiwala. Ana anatuluka m'makomo akuthamanga, ena yunifolomu yonyowa yochotsa pachingwe, ena akulira kuti holide yabedwa. Kamwana kena kanabwera ndi tsache ndi kapu ya phala. Makolo anatsatira kudzafunsa kuti boma lasintha liti. Mbuzi zimene zinkadya pabwalo zinafola pamzere wa asembule, zazing'ono kutsogolo, atonde kumbuyo. Onsewo anapeza mayi wa famase, wopanda magalasi, akumenya khasu ndi mwala.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa bambo wina.

"Ndikufuna njinga ya kabaza ndi amuna awiri amphamvu. Nditsateni."

Anawatsata, gulu lonse, kudutsa m'chinangwa. Ambiri anali asanadziwe kuti kuseri kumeneko kuli nyumba. Bwalo la a Matewere, limene linkangodziwa mapazi awiri ndi ndodo, linadzaza.

Kapu inali yopanda madzi. Chikhatho chinali chopanda kanthu. Mkuluyo anatembenukira kumene kunkamveka kupuma kwa mayi Kalinde.

"Lachedwa lero," anatero. "Ndipo likumveka ngati ladwala chimfine."

Anawanyamula n'kuwaolotsa mitsinje iwiri ija. Kuchipatala anagona masiku anayi. Madokotala anati akanangochedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina. Moyo unatsala, koma dzanja lamanzere lija silinabwerere lonse. Mpaka lero batani la malaya amamanga ndi dzanja limodzi, ndipo mayi Kalinde akaona zimenezo amayang'ana kumbali.

Atatuluka m'chipatala, khasu linalira m'mawa uliwonse mpaka sukulu kutsegulidwa. Mayi Kalinde ankayamba adutsa pamtengo wa mango, kumenya, kukasuzumira pakhonde kuti aone kapu, kenako n'kukatsegula sitolo. A hedi atabwera n'kumva nkhaniyi anavula chipewa, kukhala pansi nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo limu silitsitsidwanso. Analimanga ndi tcheni ndi maloko awiri.

Ndipo pa Chaka Chatsopano kunaima galimoto pamsika, n'kutsikamo Lusiyano, wonenepa, ndi chikwama chamatayala. Nkhani inali itamupeza ku Joni komweko. Anagwada pakhonde n'kulira. Anabweretsa wotchi yolankhula, yotchula nthawi ndi mawu a mzimayi. Anawameta bambo ake ndevu, kuwawenga zikhadabo, n'kukhala nawo pamphasa masiku asanu akumvera limodzi njiwa. M'mawa uliwonse ndiye ankatunga madzi a m'kapu.

Tsono inu amene mwamva, onani. Piritsi linali loyenera. A hedi anasamala katundu wa sukulu. Mkuluyo anamvera, ndipo kumvera si tchimo. Aliyense anagwira bwino mbali yake, koma munthu anatsala pang'ono kufa kapu ili pambali, mankhwala ali m'manja. Inu opereka mankhwala, mukapachika moyo wa mnzanu pa msomali, muzibwerera kukaona ngati msomaliwo ukadalipo. Inu aphunzitsi, ndi inu nonse amene muli ndi kabelu kanu, kaya ndi moni wa m'mawa, kaya ndi tsache lanu lomveka kwa aneba, musanakatsitse funsani amene amakamvera kuseri kwa mpanda. Piritsi limatsika ndi madzi, koma limafunanso munthu.

Za mbuzi zija musakayike, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo tonde wina anaimba nawo nyimbo. Koma za Lusiyano ndawonjezera ine. Sanabwere. Ndinangoona kuti khonde lija ndi lalikulu kwambiri kwa munthu mmodzi.